Ndege ya Feteleza M'laputopu

Abambo anga anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi mpaka mawondo atawakana. Pa ntchito zonse zimene anagwirako, imene saleka kuikamba ndi yoima kumapeto kwa munda atanyamula mbendera, kulozera kandege kothira feteleza poyambira mzere. Koma kukwera ndege sanakwerepo.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi ku Boma. Mphunzitsi mnzanga anandiikira m'laputopu pulogalamu yaulere yophunzirira kuyendetsa ndege. Munali ndege zambiri, koma yothira feteleza munalibe.

"Pangani yanu amadamu," anatero. "Ndege iliyonse mmenemo ndi mafayilo a zolemba basi."

Sananame. Fayilo imodzi imanena kutalika kwa mapiko, kulemera kwa ndege ndi pamene pali matayala. Ina imanena za injini, ina ya maonekedwe. Ndiye pali timafayilo ta malamulo, tonena zoti zichitike ukadina batani lakutilakuti. Ndinakopera mafayilo a kandege kena, n'kukasintha kukhala kachikasu monga ankanenera abambo. Tsiku lomwelo ndinawaimbira foni kuwalonjeza kuti pa holide adzakayendetsa okha.

Lonjezo limenelo linandisowetsa mtendere temu yonse. Poyamba ndege yangayo sinkaoneka n'komwe pa sikirini, ndipo pulogalamu sinkanena chifukwa. Ndinawerenga mzere ndi mzere mpaka maso kuwawa, kenako ndinapeza kuti ndinaiwala kachizindikiro kamodzi kotsekera mzere. Itaoneka, inkanyamuka ngati pepala m'mphepo, chifukwa ndinalemba kulemera m'makilogalamu pamene fayilo imawerenga mapaundi. Nditaika thanki ya feteleza, ndinalakwitsa nambala yonena malo ake. Thanki inakakhala kumchira, ndege n'kukhala pansi mphuno italoza kumwamba.

Loweruka lina ndinakonza injini kuyambira m'mawa. Magetsi anazima ndisanaseve, ndipo batire la laputopu yanga linafa kalekale. Ndinatuluka panja n'kukakalipira nkhuku za aneba zosalakwa. Nditafunsa pa intaneti kwa anthu odziwa zimenezi, nditaima pa bwalo la mpira pomwe netiweki imagwira, wina anangoyankha kuti ndikawerenge malangizo.

Holide itakwana ndinakwera njinga yamoto kupita kwathu ku Khwethemule, laputopu nditaikulunga m'chitenje kuopa fumbi. Magetsi tinakapempha ku golosale. Abambo anavala jekete yawo yakutchalitchi, ndipo amuna awiri omwe ankagwira nawo ntchito kale anabwera kudzaonerera.

Ndinawagwira chala abambo n'kuwasonyeza mabatani. Ndege inathamanga, inanyamuka bwinobwino. Abambo anasendera kutsogolo pa benchi.

"Tsopano thirani feteleza, ababa. Dinani apa."

Anadina. Kafayilo ka malamulo kamene ndinalemba kanayamba kuchotsa kulemera kwa feteleza m'thanki, monga ndinakauzira. Koma sindinakauze kuti thanki ikatha kasiye. Kanapitiriza kuchotsa mpaka ndege inalibenso kulemera kulikonse. Inathamangira kumwamba ikuzungulira, sikirini n'kuda bii.

"Wafa woyendetsa uja?" anafunsa mmodzi wa anzawowo.

"Palibe wafa. Ndi fayilo yalakwika," ndinatero.

Ndinayatsanso pulogalamu, tinauluka osathira kanthu. Abambo anayang'anitsitsa pansi pa ndegeyo kwa kanthawi.

"Nanga tiyi ali kuti, mwana wanga? Ine ndikungoona msipu."

Ndinawafotokozera kuti minda imafuna mafayilo ena, osati a ndege, ndipo amenewo ndinalibe. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti ndagwira ntchito yaikulu. Posakhalitsa atatuwo anali atatembenuka, akukangana m'Chilomwe za mtengo wa nandolo. Mwini golosale anandifunsa ngati ndatha, chifukwa ankafuna kulumikizanso firiji.

Kafayilo kaja ndinakakonza nditabwerera kwanga. Unali mzere umodzi wokha. Minda ya tiyi ndinayesa kuipanga temu yotsatira, koma mizere yake inkatuluka itayandama m'malere pamwamba pa mapiri, ndipo mayeso a Fomu 4 atayandikira ndinaisiya choncho.