Ndinasiya Kuthira Mchere M'malo Mopita Kuchipatala

Ndine mayi wa ku Tsangano, ndipo ndikuvomera kuti chandigoneka pamphasa pano ndi manyazi anga omwe. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene munasiya kupita kumwezi, tcherani khutu.

Ine ndinali nditasiya zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinaona timagazi pansalu. Ndinaseka ndekha, ndimvekere utsikana wabwerera. Kupusa kwakeko!

Paja kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula a m'nyumba. Ndiye ndinangosiya kuthira. Sabata inatha, mwezi unatha, magazi akusiya n'kuyambiranso. Abambo akunyumba anatopa nazo ndiwo zozizira. "Kodi mchere unatha m'magolosale monse?" Ine n'kungowasendezera kambale ka mchere kuti adzithirire okha.

Nanga ndikanauza ndani? Pamudzi pathu amati mayi wamkulu akadwala m'mimba ndiye kuti sanasiye za kumphasa. Chonsecho ine ndinali mlangizi wa atsikana kumpingo. Pakamwa pomwe ndinkadzudzulira ana a eni ndikanapatsegula bwanji? Mwana wanga wamkazi atabereka, anandipatsa khanda kuti ndilisambitse, poti ankati agogo ndi ozizira. Ndinaopa kulidula, ndinanamizira dzanja kupweteka. Mdzukulu wanga woyamba ameneyo, ndinkangomuonera patali ngati wa eni. Zinandiwawa kuposa m'mimbamo.

Kukavina kumisonkhano ya chipani nakonso kunalibe kukana. Ndinkakwera lole nditadzimanga nsanza zitatu, tsiku lonse mtima uli m'mwamba kuti nsalu ithimbirira pagulu. Kenako kunayamba kutuluka madzi onunkha. Kutchalitchi ndinasamukira benchi yakumbuyo, kufupi ndi chitseko.

Chaka chachiwiri ndinagwa pachitsime, ndowa ili pamutu. Kuchipatala cha paboma ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko dokotala atandipima anati ndi khansa yoyambira m'kati mwa chiberekero. Namwino amene ankamasulira sanabise mawu: "Mayi, mukanabwera magazi atangoyamba, tikanachotsa chiberekerocho mwina n'kuchira. Panopa yafalikira."

Abambo anakhala pansi pakhonde la chipatala, munthu wamkulu misozi chuchuchu. Anandifunsa chomwe anandilakwira kuti ndiwabisire zaka ziwiri, tikugona nyumba imodzi.

Amayi anzanga, magazi obwera mutasiya kale si mwezi ayi, si chilango cha kumphasa. Musadikire fungo, musadikire ululu. Uzani munthu, kwerani basi sabata yomweyo. Adzakusekani masiku awiri n'kuiwala. Ine palibe anandiseka, koma taonani.

Anandibweza kumudzi ndi mapiritsi oletsa ululu basi. Mvula yayandikira, ndipo mwana wanga akuti mbewu yanga ya mbatatesi aisunge mpaka ndidzuke. Dzulo ndamuuza kuti abzale, asandidikire.