Ngumbo ya Atsibweni

Fungo la phula la njuchi likamasungunuka sindilikonda. Ndikalimva, ngakhale lero mutu uli mbuu ndi imvi, ndimaona khonde la atsibweni anga a Lunguzi, kumapiri a ku Ntchisi, chilimwe chomwe ndinali mu Sitandade 3. Sukulu ndinalekera Sitandade 6 ndipo sindichita nazo manyazi. Chomwe ndimachita nacho manyazi ndi ichi.

Atsibweni anali mlongo wawo wamkulu wa amayi. Anagwira ntchito zaka zambiri paphiri la Zomba, kusamalira timitsinje momwe azungu ankawedzamo nsomba zawo zotchedwa trauti. Anabwerera kumudzi atakalamba, bondo lakumanzere lili lotupa, atanyamula sutikesi imodzi ndi ndodo yowedzera yolumikiza patatu. Nyongolotsi sankazikhudza. M'mawa ankakhala pakhonde, magalasi omanga ndi mphira ali pamphuno, n'kumakulunga nthenga ya nkhanga pa kambedza ndi ulusi wopaka phula, mpaka kanthuko kafanane ndi ngumbi. Ankati nsomba yoona imadya ndi maso.

Kamtsinje kathu kamatsika m'miyala, m'chigwa chotsetsereka chomwe mbuzi zokha ndizo zimayendamo bwino. Chaka chimenecho dzuwa linaswa mtengo. Mapiri anada bii ndi lupsa, nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo madzi anatsalira m'maiwe mokha. Atsibweni ankatsikako tsiku lililonse, mwendo wodwalawo patsogolo, dzanja likugwirira mizu. Amayi ankandituma kuti ndiziwalondola chapatali, kuti akagwa ndikaitane anthu.

Kuwedza kwawo kunali kokwiyitsa. Ankakwawa ndi mimba mpaka kuseri kwa mwala, kuopa kuti chithunzithunzi chawo chingagwere m'madzi. Kenaka ankagwedeza ndodo, chingwe n'kumalira fyuu pamwamba pa mutu, nthengayo n'kutera pamadzi osachita phokoso. Akakola kansomba kakang'ono ankanyowetsa dzanja, kukachotsa pambedza, n'kukabwezera. Ine ndinkayang'ana malovu ali m'kamwa, chifukwa kunyumba ndiwo inali mfutso dzulo, mfutso lero.

Azimayi ochapa padooko sankawasiya. "A Lunguzi, nsomba za kuno sizinapite kusukulu! Zipatseni nyongolotsi!" Amayi anga nawo ankadandaula: "Achimwene, ndiwo mwabwezera m'madzi, ndiye ife tiphike nthengazo?" Kusukulu anzanga anandipatsa dzina loti Kankhanga. Ndinamenya awiri, koma dzinalo linakhala.

Kumtunda kwenikweni kunali dziwe lozama, pansi pa mkuyu wopendekera. Mmenemo munali nsomba imodzi yaikulu ya mamba achikasu, yomwe atsibweni ankaitcha ngumbo. Ndinaiona kawiri ikukwera pang'onopang'ono, kununkhiza nthenga, n'kubwerera kumizu. Atsibweni m'malo mokwiya ankaseka chapansipansi, n'kukamanga nthenga ina yamtundu wina. Tsiku lina tikupuma pokwera chitunda anandiuza, mpweya ukuwathera: "Iwe Simoni, ijayo ndi yanga. Ndikhale nayo mvula isanagwe. Chaka chamawa bondo ili silidzandifikitsanso kuno."

Ine ndinamva kuti akufuna nsomba. Ndipo njira yopezera nsomba m'chilimwe mwana aliyense ankaidziwa: katupe. Ndi masamba omwe ukawasinja n'kuwathira m'dziwe nsomba zimaledzera n'kuyandama. Akuluakulu ankachita zimenezi kumaiwe a kumunsi madzi akaphwa. La kumtundali ankalisiya chifukwa cha kuvuta kwa njira.

Lamulungu lina ndinanama kuti m'mimba mukundipota. Anthu onse atapita kutchalitchi ndinathyola katupe wodzaza thumba, n'kukamusinja pamwala wa padziwepo mpaka manja anayamba kuyabwa. Ndinaviika thumbalo n'kumalipondaponda. Madzi anasanduka obiriwira, thovu lili pamwamba. Anayamba kuyandama ndi matemba, kenaka tiana ta nsomba tating'ono ngati njere za mpunga, tosawerengeka. Nkhanu zinatuluka n'kuthawira kumtunda. Pomaliza ngumbo inatuluka m'mizu ikuzungulira ngati chidakwa, mimba yoyera kumwamba. Ndinaigwira ndi manja. Sinalimbane nane n'komwe.

Ndinakwera chitunda mothamanga, nsomba ili paphewa, matemba ali m'malaya. Ndinadutsa dala pakati pa mudzi nthawi yomwe anthu amachokera kumapemphero. Atsibweni ndinawapeza pakhonde, ulusi uli kukamwa. Ndinagwada n'kuika nsombayo pamphasa patsogolo pawo.

Anavula magalasi. Anaitembenuza ndi chala, kuyang'ana pakamwa pake, n'kuinunkhiza.

"Katupe?"

"Inde, atsibweni. Ndakugwirirani."

"Mwatsala chiyani m'dziwemo?"

"Palibe," ndinayankha monyada.

Anali munthu wa mkwapulo, ndipo anandikwapulapo pa zinthu zazing'ono kuposa apa. Tsiku limenelo sanandikhudze. Anangoti, "Kapereke kwa amako," n'kuyamba kutola nthenga zawo imodziimodzi. Madzulo tinadya nsomba mpaka kugawirako oyandikana nawo, ndipo anthu ananditama kuti ndine mwamuna. Atsibweni anapempha mfutso wotsala dzulo.

M'mawa mwake anatsikira kumtsinje okha, atandiletsa kuwalondola. Anabwera dzuwa litapendeka, akukoka mwendo. Anamasula ndodo ija patatu, kuimanga ndi luzi, n'kuisomeka kudenga. Patapita masabata atatu mvula inagwa, kamtsinje kanadzaza, ndipo ndikudziwa kuti nsomba zina zinakweranso kuchokera kumunsi. Koma chilimwe chotsatira atsibweni sankatha kupitirira pachitsime. Anakhala moyo zaka zina zingapo ali pakhondepo. Za dziwelo sanandifunsenso, ndipo ine sindinapepese. Mwayi unalipo tsiku lililonse, pakuti ndine ndinkawapititsira madzi osamba.

Nthawi imeneyo ndinkati ndi nsanje. Ndinkati mkulu wamva kuwawa chifukwa kamwana kachita m'mawa umodzi zomwe zinamukanika miyezi iwiri, ndipo ndinakula ndi maganizo amenewo mpaka ndinakwatira. Lero ndili ndi kadimba ka mizere khumi kuseri kwa nyumba yanga ku Dowa, ndipo mzere umodzi umanditengera m'mawa wonse. Mdzukulu wanga akabwera kuchokera ku Lilongwe amafuna kundilanda khasu kuti amalize zonse tisanamwe tiyi. Ndimamukalipira, iye n'kuima chapatali, wodabwa ndi wokhumudwa, chifukwa amandikonda. Sindimufotokozera. Ndimangogwiritsa khasu langa, n'kumuuza kuti akakhale pamthunzi.