Rauta ya M'chipinda cha Apongozi

Nditachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, mwana wanga wamkazi anakana kuti ndibwerere kunyumba kwanga ku Area 2. Ananena kuti masitepe a kumeneko ndi ambiri, ndipo sindinamutsutse chifukwa ankanena zoona. Ananditengera ku Area 12, kumene amakhala ndi amuna ake m'nyumba yakale ya makoma okhuthala. Anandipatsa chipinda choyandikana ndi khitchini, kutali ndi chipinda chawo chogona, monga mwambo ufunira.

Amuna ake ndi a kumpoto, ndipo amagwira ntchito ya boma ku City Centre. Kwawo ndi kwathu n'kotalikirana, koma pa nkhani ya apongozi tinapezeka kuti tinaleredwa mofanana. M'mawa ankaima chapatali n'kundipatsa moni maso ali pansi, ine n'kuyankha chimodzimodzi. Sitinkadyera pamodzi. Mawu alionse oposa moni ankadzera mwa mwana wanga. Kwathu kumudzi mkamwini ndiye amakhala pakhomo pa apongozi ake n'kumayenda mosamala. Kuno zinatembenuka: ine ndiye ndinali pakhomo pa mkamwini, ndikudya chakudya chake, ndipo ndinkayesetsa kuti ndisamveke.

Ku Area 2 ndinazolowera phokoso la maminibasi ndi anthu ogogoda pakhomo popanda chifukwa chenicheni. Ku Area 12 kunali mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba pake, ndi geti lomwe linkatsegulidwa m'mawa galimoto ikamatuluka. Ikatuluka, nyumba yonse inkangoti zii. Ndinkatsala ndi mayi wothandiza ntchito zapakhomo, amene nthawi zambiri ankakhala kuseri akuchapa. Ndi chitsulo changa choyendera ndinkatha kufika pabalaza ndi kubafa. Kutsika pakhonde sindinkatha.

Chimene chinkandilimbitsa mtima chinali tabuleti imene mwana wanga anandigulira. Inalibe malo oikamo simu, choncho inkadalira waifai ya m'nyumbamo basi. Ndi tabuleti imeneyo ndinkaonana ndi akulu anga, amene tinatsala awiri m'mimba mwa amayi athu. Ankakhala ku Joni kwa mwana wawo wamkazi, ndipo anali atagwidwa ndi sitiroko. Lilime lawo linalemera. Pa foni wamba sindinkamva kanthu, koma ndikamaona milomo yawo ndinkatha kutola mawu, pakuti pakamwa pamenepo ndinapadziwa kuyambira ndili mwana. Mwana wawo yemwe, amene ankawasamalira tsiku ndi tsiku, ankandifunsa kuti, "Amayi aang'ono, akuti chiyani pamenepa?" Ankandiimbira masana asanapite ku ntchito, atagwirizira foni patsogolo pa amayi ake.

Poyamba chithunzi chinkabwera, koma chinkaimaima. Akulu anga ankayamba mawu, nkhope n'kuuma pakamwa pali yasa, ndipo ikadzayambanso kuyenda mawuwo anali atapita. Rauta, kabokosi kamene kamagawa waifai, inali m'chipinda chogona cha eni nyumba, chifukwa waya wochokera kunja unalowera pawindo la kumeneko. M'chipinda chimenecho sindikanaponda, ngakhale nyumba ikanakhala ikupsa.

Madzulo ena ndinauza mwana wanga. Ndinasankha mawu mosamala, podziwa kuti akafika kwa apongozi anga. Ndinati, "Zonse zili bwino, ndipo ndikuthokoza. Kungoti chithunzi chimachedwako pang'ono."

Loweruka lotsatira apongozi anga anakhala m'chipinda mwawo ndi laputopu m'mawa wonse. Masana mwana wanga anatenga tabuleti yanga, anapita nayo kumeneko, n'kubwera nayo akumwetulira.

"Akonza, amayi. Akuti rautayo inali ndi njira ziwiri, yochedwa ndi yothamanga. Yochedwayo aitseka kuti zonse zizidzera yothamanga. Mukanaona mmene akunyadira."

"Ukawathokoze kwambiri," ndinatero.

Lolemba masana ndinakhala pabedi, tabuleti ili pamiyendo, kudikira. Pakona pake pali kachizindikiro ka timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki. Tsiku limenelo panalibe kamzere ngakhale kamodzi. Ndinapita pabalaza, kanabwera kamodzi, kenako n'kuzimiririka. Nthawi yoimbirana inadutsa.

Munthu sauza mpongozi wake kuti ntchito ya manja ake yaononga zinthu, makamaka ntchito imene waigwira pofuna kukulemekeza. Ndinaganizanso za mwana wanga, amene anali kale pakati pa amayi ake ndi amuna ake, ndipo sindinafune kumusenzetsa mawu owawa. Choncho ndinati, "Mwina tabuleti yangayi yakalamba ngati mwini wake. Sikugwira."

Anailandira, anapita nayo kuchipinda kwawo kumene anali akupinda zovala, ndipo posakhalitsa anabwerera.

"Ikugwira bwinobwino, amayi. Ndaonera nayo ndi kanema yemwe. Mwina mumadina polakwika."

Anandionetsanso podina, pang'onopang'ono, ndi mawu amene anthu amalankhulira kwa okalamba oyamba kuiwala. Ine ndinagwira ntchito yotaipa m'maofesi zaka zambiri, ndipo podina ndinkapadziwa. Koma ndinangogwedeza mutu. Iye atangotuluka, timizere tinali titachoka kale.

Masiku anapita osaonana ndi akulu anga. Tsiku lina ndikuchokera kubafa, tabuleti ili m'kathumba kamene ndinakamangirira pachitsulo choyendera, ndinamva ikulira. Mauthenga a ku Joni analowa onse nthawi imodzi. Womaliza unali wakuti, "Amayi aang'ono, muli kuti? Amayi sakudya bwino, ndipo pali zimene akufuna kukuuzani."

Ndinaima pomwepo m'kolido n'kuyang'ana timizere. Tinali tiwiri. Nditasunthira cha kuchipinda kwanga tinachoka. Nditasunthira mbali inayo tinawonjezeka. Ndinapitiriza mpaka pamene kolido imakhota, ndipo tinadzaza tonse nditafika pachitseko cha chipinda chogona cha mwana wanga ndi amuna ake.

Amene sanakulire m'mwambo wathu sangamvetse kulemera kwa malo amenewo. Mayi wopezeka atakhala pakhomo pa chipinda cha mwana wake wokwatiwa amaoneka ngati womvetsera zam'banja, ndipo kumudzi nkhani yotero imakambidwa mpaka pamaliro ake. Ndinabwerera kuchipinda kwanga. Mawa lake, nthawi yoimbirana itayandikira, ndinapempha mayi wothandiza ntchito uja kuti andiikire mpando pamenepo. Anandiyang'ana, kenako anauika.

Ndinachita zimenezo kwa masiku angapo. Chithunzi chinkaoneka bwino, koma ine sindinkakhazikika. Khutu limodzi linkakhala kugeti. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu inkandichotsa maso pa milomo ya akulu anga, ndipo ndinkafulumira kutsanzika tisanafike pa nkhani imene ankafuna kunena. Iwo ankafunika nthawi kuti lilime limasuke. Ine nthawiyo sindinkawapatsa.

Kenako tsiku lina geti linatsegukadi. Apongozi anga anabwerera masana kudzasintha zovala chifukwa kunagwa maliro a mnzawo wa ku ofesi. Ndinamva chitseko cha galimoto, kenako nsapato pabalaza. Ndinagwira chitsulo kuti ndidzuke, koma mpandowo unali waufupi ndipo chiuno chinakana. Anakhota pakona n'kundipeza nditatsekereza chitseko chawo.

Anaima. Kenako anabwerera m'mbuyo mpaka pakona paja n'kunjuta, maso ali pansi. Iwo sakanatha kulowa m'chipinda mwawo, inenso sindikanatha kuchokapo.

"Amayi, mwadwala?"

Panalibe mwana wanga woti andiyankhire. Ndinayang'ana khoma n'kunena kuti, "Sindinadwale, bambo. Pano ndi pamene pali netiweki."

"Kuchipinda kwanu sikufika?"

"Chikonzereni inu, sikufika."

"Koma akazi anga anandiuza kuti mwathokoza."

"Ndinathokozadi."

Ndinali nditaiwala kuti foni sinadulidwe. Mawu a mwana wa akulu anga anatuluka m'tabuleti: "Ndi alamu amenewo? Alamu, ndinu amene mwawabisa amayi aang'ono masiku onsewa? Ife kuno timati mwawagulitsa."

"Ndine ndemwe, alamu," anayankha ali chinjutire. "Ndimati ndikuthamangitsa zinthu."

"Mwathamangitsadi, mpaka zawasiya m'mbuyo eni ake."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamanyazi. Mlamu wawo anali ndi ufulu wowanena chotero. Ine ndinalibe, ndipo ndinayamikira mumtima kuti mawuwo anachokera kwa iye. Nthawi yake yopita ku ntchito inali itakwana, choncho tinatsanzikana. Apongozi anga sakanandigwira kuti andidzutse, ndiye anapita kuseri kukaitana mayi uja. Iye anandidzutsa n'kundiperekeza kuchipinda kwanga, ndipo iwo anadikira pabalaza mpaka nditadutsa.

Ndinkayembekezera kuti nkhaniyo idzera mwa mwana wanga madzulo. Koma apongozi anga atabwerako ku maliro, dzuwa lisanalowe, ndinamva akukhoma misomali m'kolido. Anali atagula waya wautali. Anatulutsa rauta m'chipinda mwawo n'kuiika pa kashelefu pamwamba, pakona pamene kolido imakhota. Atatha anabwera ndi laputopu n'kuima kunja kwa chitseko changa, pakuti nawonso m'chipinda mwanga sakanalowa. Analankhula ngati akuuza chitsekocho.

"Amayi, njira yothamanga ija siboola makoma okhuthala ngati awa. Yochedwa ndiyo imafika patali. Ine ndinayesera m'chipinda momwe muli rauta, ndiye ndinaona ngati zonse zili bwino. Tsopano ndatsegula zonse ziwiri, ndipo ndaiuza kuti tabuleti yanu izikhala patsogolo pa zipangizo zina zonse. Taonani timizere."

"Tilipo titatu."

Ndinamva akubwerera, akusuntha kabokosiko, kenako nsapato zikubweranso.

"Nanga tsopano?"

"Tadzaza."

"Zikadzavutanso, mudzandiuze ine ndemwe, amayi. Ndapota nanu."

Sindinalonjeze, koma sindinakanenso.

Mawa lake masana ndinatseka chitseko changa n'kukhala pabedi. Foni italowa, nkhope ya akulu anga inaoneka bwino kuposa kale lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaiyang'ana popanda kumvetsera za kugeti. Ndinaona mmene anaondera. Masaya anali atalowa, ndipo duku linkaoneka lalikulu pamutu pawo. Ndinawauza kuti asafulumire, ine sindikupita kulikonse.

Anayesa kangapo. Ndinatsatira milomo yawo mpaka mawu anagwirana. Ankanena kuti akadzamwalira asadzaikidwe ku Joni. Ankafuna kukagona kumudzi kwathu, pafupi ndi amayi athu, ndipo ankafuna kuti ine ndivomere pamaso pa mwana wawo.

Mwana wawoyo anafunsa monga mwa masiku onse kuti, "Akuti chiyani, amayi aang'ono?"

Ndinamuuza mawu onse, osachotsapo kanthu.

"Ndimadziwa," anatero. "Koma ine ndine mwana. Sindikanaiyamba ndekha nkhani imeneyi."

Ndinadziwa zimene ndinali kuvomera. Kutenga thupi kuchokera ku Joni ndi ntchito yofuna anthu oyenda m'maofesi ndi m'misewu, ndipo ine ndinali mayi wosatha kufika ngakhale pageti. Achimuna a kwathu anatha. Amene akanaisenza ntchitoyo anali mwana wanga ndi amuna ake. Komabe ndinayang'ana akulu anga n'kunena pang'onopang'ono, kuti nawonso aone milomo yanga: "Ndamva, akulu. Tidzakutengani."

Anatseka maso. Mwana wawo anati achedwa ku ntchito, ndipo anadula.

Madzulo amenewo ndinapempha mwana wanga kuti andiperekeze pabalaza, ndiponso kuti aitane amuna ake. Anadabwa, koma anawaitana. Iwo anakhala pampando wa kutali, cha kukhomo. Mwana wanga anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndimuuze zoti akawauze. Ndinamupempha kuti akhale pansi amve nawo, ndipo nkhani ya akulu anga ndinaifotokoza kwa apongozi anga ndekha. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditatha anafunsa dzina la mudzi wathu ndi la amfumu a kumeneko, kuti Loweruka akaonekere kwa amfumuwo ndi nkhaniyi.