Tinadula Mitu ya Mabuku a Ababa

Msuweni wanga anandiimbira foni ndili pa ntchito, ndikusesa mchenga pa hotela ina ku Makokola. Moni sanapereke.

"Iwe, sitolo ija ndachititsa lendi. Akulowamo anyamata ogulitsa zitsulo za njinga zamoto. Zinyalala zonse ndatulutsa."

"Nanga mabuku a ababa?"

"Aja a Chiarabu? Ndapereka kumzikiti. Ashehe akuti akwirira mawa ikatha swala ya Lachisanu."

Ndinamutukwana. Mzungu wina amene anagona pa mchenga anadzuka n'kundiyang'ana. Sindinasamale.

Sitoloyo inali ya ababa. Atamwalira sinabwere kwa ine. Kwathu chuma cha mwamuna chimapita kwa mwana wa mlongo wake, ndiye inapita kwa msuweni wangayu. Sindinalimbane naye. Makoma, malata, kauntala, sikelo, ndinati atenge. Koma mabuku ndinamuuza maso ndi maso kuti awasiye pa shelefu ya pamwamba, ndidzatenga ndikafolera nyumba yanga ndi malata. Malatawo mpaka lero sindinagule.

Kwathu ndi kumapiri, ukawoloka Shire n'kulowera njira ya ku Chiponde. Mgodi sitinauonepo ndi maso, koma katauni kathuko kanamangidwa ndi migodi. Amuna onse amphamvu ankapita ku Joni. Akabwerako, ankatsika basi pakhomo pa sitolo yathu penipeni, atavala zipewa ndi majekete kunja kukutentha, n'kulowa kaye kwa ababa asanafike kwa akazi awo. Mabatire a wayilesi, zitenje, shuga, matayala a njinga, mabulangete. Sitolo inkanunkha palafini ndi sopo, pamwamba pake mafuta onunkhira a anthu a ku Joniwo. Atasiya kutenga anthu kumigodi, basi inayamba kungodutsa. Telala anachoka. Wokonza wayilesi anachoka. Ababa anatsala, akutsegula m'mawa uliwonse, kugulitsa machesi ndi mchere.

Ababa sukulu ya mishoni sanapondeko. Anaphunzira ku madrasa basi, ndiye mabuku a sitolo ankalemba Chiyao koma ndi zilembo za Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Dzuwa likapendeka ankatseka chitseko chimodzi, n'kuyenda m'mbali mwa mashelefu buku lili pamkono, akutchula katundu mokweza ngati pali wina akumvetsera. Buku limenelo munthu sunkalikhudza. Ngakhale amayi. Ine sukulu ndinalekeza sitandade folo, madrasa ndinakhalako pang'ono ndithu, ndodo inandikwana. Choncho zolemba za ababa sindiwerenga. Sizikutanthauza kuti sindizifuna.

M'mawa mwake ndinapempha tchuthi, ndinakwera minibasi mpaka pa boma, kenako kabaza wa njinga yamoto. Ndinafika anthu akutuluka mumzikiti. Kuseri, pafupi ndi manda, anali atakumba kale dzenje laling'ono. Pambali pake panali mphasa, pamphasapo ma Kurani akale ong'ambika ndi timabuku ta ana a madrasa todyedwa ndi chiswe. Zimenezi sizitayidwa kudzala, amazikulunga m'nsalu yoyera n'kuzikwirira. Ndipo pakati pa zonsezo panali mabuku a ababa, a zikuto zakuda, omangidwa ndi chingwe cha khonje chomwe ndinawamangira pa shelefu paja.

Msuweni wanga anali pomwepo, mkanjo woyera, mimba patsogolo.

"Wabwera mkulu wa tsache," anatero. "Mchenga wa azungu wausiyira ndani?"

"Iwe chitsiru, umaona ngati ababa ankalemba Kurani m'sitolo? Muli sopo umu! Muli palafini!"

"Ndikanadziwa bwanji? Ndinatsegula, ndinaona Chiarabu, ndinatseka msangamsanga. Ukanakonda ndiwapatse amayi a mandasi akulungire?"

"Ukanandiimbira."

"Ndinakuimbiratu. Si ndiwe uli panoyu?"

Ndikanamumenya. Pa chisuweni timatukwanana kuyambira tili ana, koma tsiku limenelo sindinkaseka.

Ashehe anafika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Ndi achikulire kwambiri, msinkhu wa ababa, ndipo nawonso anakakhalako ku Joni ali anyamata. Ndinagwada, ndinawapatsa moni. Mkwiyo ndinaumeza kaye.

"Ashehe, mabuku awa si a chipembedzo. Ndi a sitolo. Ndabwera kudzatenga."

"Ndikudziwa, mwananga. Ndawerengamo. Inenso ndilimo, ndinagula mpope wa njinga." Anaseka. Kenako anamasula chingwe, anatsegula buku limodzi, n'kuloza mzere wa pamwamba penipeni. "Koma taona apa. Bambo ako tsamba lililonse ankayamba ndi Bisimila. Dzina la Mulungu lili pa tsamba lililonse, kutsogolo ndi kuseri. Limeneli silingagone paliponse."

"Ligona m'nyumba mwanga."

"Nyumba yako ndi ya udzu, imadontha. Mkazi wako ndi wa tchalitchi cha ku Malindi, mayi wabwino, sindikumunena, koma zimenezi sazidziwa. Ndipo amagulitsa kanyenya, si choncho? Amakulunga m'chiyani?"

"M'nyuzi."

"Nyuzi zikatha? Iwe ukadzamwalira? Ana ako adzaona mapepala basi."

Apa ndinalephera kuugwira mtima. Ndinawauza kuti ababa anamwalira m'mawa ine ndili pa nyanja, pofika madzulo anali ataikidwa kale. Ndinapeza mulu wa dothi. Palibe anandidikira. Nkhope sindinaione. Zovala anagawana pa sadaka, ine ndinalandira kapu ya tiyi. Chithunzi chawo palibe, ankakana kujambulidwa. Chinthu chokha chimene dzanja lawo linagwira tsiku ndi tsiku ndi ichi, ndiye mukufuna muchiikenso m'dothi? Ndinakweza mawu kwa munthu wamkulu, pakhomo pa mzikiti. Amene anali kuvala nsapato anaima.

Ashehe sanakwiye. Koma bukulo sanandipatse.

Msuweni wanga ndiye anati, mwachipongwe chake chija, "Ngati vuto ndi mzere umodzi, dulani mituyo basi. Mumupatse thunthu, akagone nalo."

Ndinatembenuka kuti ndimulase chibakera. Ashehe anakweza dzanja.

"Chitsiruchi chanena zoona," anatero. "Katengeni lezala."

Ine sindinafune. Buku la ababa, loti ngakhale amayi sanalikhudzepo, ndilicheke ngati nsomba? Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Ashehe anati njira ina ndi dzenjelo, buku lonse lathunthu, mwaulemu. Ndisankhe.

Ndinatenga lezala.

Tinakhala pa khonde la mzikiti. Msuweni wanga anabweretsa thabwa loika pansi pa tsamba, iye n'kumapanikiza kuti lisasunthe. Tsamba loyamba ndinadula mokhota, ndinadyako ndi mzere wachiwiri. Ndinatukwana. Ashehe anakhosomola, ndinapepesa. Mapepala anali ouma, ofiirira, ena ongofumbutuka. Penapake panali chidindo cha chala cha mafuta, chala chachikulu cha ababa. Mizere yodulayo tinkaiika pa nsalu yoyera.

Titadula pang'ono ndinati, "Ashehe, tandiwerengereniko."

Anabweretsa buku pafupi ndi maso. Anawerenga m'Chiyao, pang'onopang'ono.

"Machesi. Makandulo. Zingwe za nyale. Magalasi a nyale. Sopo wa mtanda. Sopo wosambira. Buluu."

Ndinasiya kudula. Sanali kungotchula katundu chisawawa. Ankatsata mmene ababa ankayendera. Machesi anali pakhomo, kumanja ukamalowa. Nyale pamwamba pake. Ukasuntha pang'ono, sopo. Ndinadziwa chimene chikubwera asanachitchule.

"Singano," ndinatero.

"Singano. Ulusi."

"Mabatani. Kenako mbedza."

"Mbedza, ee. Iwe umati suwerenga?"

"Sindiwerenga. Pitirizani."

Anapitiriza. Mabatire, machubu a njinga, zigamba, guluu. Anakhota pa kona pamene pankakhala mipukutu ya nsalu, anadutsa kuseri kwa kauntala, shuga, tiyi, mchere, mpaka pa mgolo wa palafini ku chitseko cha kuseri. Sitolo yonse inaimirira pakhonde paja. Ndinaona pamene pansi panali pokumbika chifukwa cha mapazi, ndi mmene ababa ankakankhira thumba la mchere ndi bondo akamadutsa.

"Ine ndilimo?" ndinafunsa. "Penapake analembapo za ine?"

Ashehe anatembenuza masamba, anatenga buku lina, anatembenuzanso.

"Mulibe, mwananga. Bambo ako sankasakaniza. Muli katundu, ndi amene wagula."

"Ngakhale tsiku limene ndinathyoka mwendo? Anandinyamula pa njinga mpaka kuchipatala."

"Ngati anatseka sitolo, ndiye sanalembe."

"Ukufuna akulembe pakati pa sopo ndi buluu?" anatero msuweni wanga. "Bwenzi atakugulitsa. Tambala imodzi."

"Iwe bwenzi atakubweza kwa mwenye. Katundu wowola."

Zinandipweteka, sindibisa. Mabuku onsewo, zaka zonsezo, mpope wa Ashehe ulimo, ine ayi. Koma ndinawauza kuti awerengenso tsamba lomwe lija, kuyambira pa machesi. Anawerenga. Ndinazula kaudzu pa khonde n'kuika pamenepo.

Ntchitoyo inatitengera masana onse. Malezala anabuntha, tinatumanso ena. Ashehe anapita kukaswalitsa, anabwerako, ife tikudulabe. Chala changa chinatuluka magazi, ndinamanga ndi kansalu kuti ndisadetse tsamba. Pomaliza Ashehe anayang'ana buku lililonse, tsamba ndi tsamba, kuti pasatsale dzina. Anapeza awiri atatu amene tinadumpha. Kenako anakulunga mizere ija pamodzi ndi ma Kurani akale, anapemphera, anakwirira. Ine ndinaima patali ndi katoni yanga ya mabuku.

Msuweni wanga anandilipirira kabaza. Anati ndi chifukwa choti anyamata a lendi aja analipira miyezi ingapo nthawi imodzi, osati chifukwa amandikonda. Tinadutsa pa sitolo. Anali atapakapo kale penti yobiriwira, matayala atapachika pakhonde, wayilesi ikulira. Ndinauza wa kabaza kuti asaime.

Mabukuwo ali kwathu tsopano, m'pulasitiki, m'kati mwa sutikesi, pamwamba pa mpando kuopa chinyezi. Ndi afupi kuposa kale, m'mphepete mwake mokhotakhota chifukwa cha dzanja langa. Mkazi wanga ndinamuuza kuti akadzakhudza ngakhale tsamba limodzi adzabwerera ku Malindi wapansi. Anati ndani akufuna mapepala onunkha palafini, kanyenya wake angawonongeke.

Chimandikwiyitsa n'choti ndinangomva tsamba limodzi lokha. Ena onse ali chete. Kumapiri n'kutali, thiransipoti yakwera, ndipo maso a Ashehe akutha. Kuno ndinayesa mnyamata wina wophunzitsa madrasa, anawerenga mawu awiri n'kunena kuti Chiyao cha m'zilembo zimenezi sanachizolowere, chikumupweteketsa mutu. Ndinamulanda buku.

Ndiye ndikaweruka kuntchito, masiku ena, ndimatsitsa sutikesi, n'kutsegula pamene pali kaudzu. Ndimaika chala pa mzere woyamba wotsala, kumanja, n'kunena ndekha kuti machesi. Chala chimatsika, ine n'kumatchula. Sindidziwa ngati chala ndi pakamwa zikuyendera limodzi. Nthawi zambiri ndimafika pa palafini tsamba lisanathe, pansi pakadali mizere ina imene sindikumbuka kuti Ashehe anati chiyani.