Mapayi a Manja Aulesi

Mpaka lero, ndikamva fungo la majarini akupsa pamodzi ndi ufa wa tirigu, ndimangopezeka ndili ku Nkaya, kuseri kwa nyumba yathu ya zidina, njanji ikunyezimira patali ndi dzuwa. Chaka chimenecho Ramadani inagwa pakati pa chilimwe. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango kuyambira m'mawa, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, ndipo akuluakulu osala kudya ankayankhula motsitsa mawu posunga malovu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mudzi wonse unkandidziwa ndi chinthu chimodzi basi, ulesi.

Sindingakane. Akandituma kumjigo ndinkabwera ndi ndowa yosadzaza, nditachedwa ndi kuonerera sitima ya katundu. Ndikamasinja, munsi unkagwera mumtondo ngati ukupepesa. Mayi anga anali ndi mikono yamphamvu, mandasi awo ankatha pasiteshoni sitima isananyamuke, ndipo sankamvetsa kuti anabereka bwanji mwana wa manja lende chonchi. Nkhani inawapeza amalume a Jafali, mlongo wawo wamkulu wa mayi, amene ankagulitsa mpunga ndi nandolo ku Nsanama. Kwathu mawu a malume pa mwana wa mlongo wake salumphidwa. Anatumiza uthenga kuti adzabwera pa Idi, ndipo pobwerera adzanditenga ndikakhale kwawo mpaka nditadziwa ntchito. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaopa kusiyana ndi mayi, ngakhale kuti tsiku silinkapita asanandikalipire.

M'masiku omwewo mayi anagwidwa ndi mtima wa mapayi. Anali atawaona ku Liwonde m'kabati yagalasi, ndipo a Nambewe, oyandikana nafe nyumba amene anagwirapo ntchito yophika kumeneko, anawafotokozera kapangidwe kake ali pampanda. Anati pamafunika ufa, mchere pang'ono, majarini olimba ndi madzi ozizira, koma osakanda kwambiri. Mayi anamva zonse kupatula mawu omalizawo. Kwa iwo ufa wosakandidwa bwino unali chizindikiro cha mkazi wosalangizidwa. Ankaugwadira m'beseni n'kuufinya mpaka usalale ngati wa mandasi, majarini akusungunukira m'zikhatho zawo zotentha. Mapayi ankatuluka okongola ndithu, koma oti utagenda nawo galu akhoza kutsimphina.

Popeza iwo ankasala, wolawa ndinali ine, amene ndinkangosala mpaka masana. Ndinkaluma, mano n'kubwerera.

"Ali bwanji, Hawa?"

"Nyama yake ikukoma, amayi."

Ankandiyang'ana cham'mbali. Dzuwa likalowa, pa nthawi yofutulu, pamene osala amamasula, bambo ankaviika payi yawo mu tiyi kwa nthawi yaitali, maso ali kudenga, ngati munthu amene akuganizira za mvula.

Tsiku lina m'mawa, kunja kusanatenthe, mayi anali atapima ufa ndi kuduladula majarini pamene mbuzi yathu inadula chingwe n'kuthamangira kunjanji. "Kanda ufawu, ndikubwera," anatero akumanga chitenje. Ndinakanda monga mwa masiku onse, kutanthauza kuti sindinakande. Ndinkanyansidwa ndi zonanda m'manja, choncho ndinangotsinatsina ndi nsonga za zala, n'kusiya timibulu ta majarini tonga nandolo. Ndinawaza madzi a mumtsuko, n'kusonkhanitsa ufawo pamodzi mosasamala, n'kuufunditsa kansalu konyowa kuti ulesi wanga usaoneke msanga. Beseni ndinalikankhira pamthunzi pafupi ndi mtsuko, ine ulendo wokasewera phada.

Atabwera ndi mbuzi anapeza mtanda wong'ambikang'ambika, majarini akuonekera poyera. Mawu amene anandiuza sindiwalemba pano, poti unali mwezi wopatulika ndipo iwonso anapempha chikhululuko pambuyo pake. Koma makala anali atayaka kale, ndipo ufa wa tirigu sutayidwa. Anaufutukula ndi botolo mokwiya, n'kuupinda, n'kuufutukulanso, n'kuikamo nyama yambuzi ya anyezi ndi kachewere. Uvuni wathu unali poto wamkulu, mchenga pansi, makala pamwamba pa chivundikiro.

Kenaka mayi anavundukula poto. Mapayi anali atafufuma, m'mbali mwake mutagawikana timagawo topyapyala ngati makoko a anyezi. Nditaluma ndinamva kuti khirichi, nyenyeswa n'kuyoyokera pa diresi langa, mkamwa monse mafuta okoma. Mayi anayang'ana nyenyeswazo nthawi yaitali, kenaka anatuma mwana wina kukaitana a Nambewe. Iwo, poti sankasala, analawa n'kugwedeza mutu. "Eya, ndi amenewatu. Wakanda ndani?" Mayi anangondiloza ndi mlomo.

Masiku otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira ndi chimwemwe chachikulu. Mayi ankandidzutsa akangomaliza swala, pemphero la m'mawa, mphepo ikadali yozizirira, n'kundisambitsa m'manja ndi madzi a mumtsuko. Majarini tinkawasunga m'kachitini kokwirira mumchenga wonyowa pansi pa mtsukowo, kuti asafewe. Ndinaphunzira kuthira madzi pang'onopang'ono, ufa ukangogwirana n'kusiya. Ndinaphunzira kuti mtanda umafuna kugona pamthunzi usanafutukulidwe, komanso kuti dzuwa likakwera pamwamba pa mango ntchito ya mapayi yatha, chifukwa chilichonse chimasanduka phala. Mayi ankakhala pambali manja ali pamiyendo, zala zikuwayabwa, n'kumati, "Usalimbikire iwe, basi pomwepo." Chibadwire ndinali ndisanauzidwepo mawu okoma ngati amenewo. Pasiteshoni apaulendo anayamba kufunsa mapayi asanafunse mandasi, ndipo bambo anasiya kuviika. Koma za ku Nsanama panalibe anazitchulanso, ndipo mwezi ukamachepa kumwamba, mtima wanga unkachepa nawo.

Pa Idi amalume anafika ndi mkanjo woyera, akununkhira mafuta onunkhira ndi fumbi la m'njira. Pabwalo panali fungo la mpunga ndi nkhuku, ana tikuyenda mowongoka poopa kudetsa zovala zatsopano. Zovala zanga zakale zinali zitamangidwa kale m'chitenje kuseri kwa chitseko. Amalume anadya payi imodzi, n'kutenganso ina osapatsidwa, nyenyeswa zili mbwee m'ndevu. Apo mayi anasendera pafupi n'kugwada.

"Achimwene, mwanayu mumutenge ndithu, mawu anu ife sitingawakane. Kungoti mapayi mwadyawa ndi omaliza pakhomo pano. Manja angawa amatentha, amaononga ufa. Wopanga ndi iyeyu."

Amalume anandiyang'ana, n'kuyang'ana mbale. "Hawa yemweyu? Waulesi uja?"

"Yemweyo, achimwene."

Anaseka mpaka kutsokomola, akukunkha nyenyeswa m'mbale ndi chala. "Iyayi, ndiye ndikhala ndadzilanga ndekha. Atsale. Koma ndikamabwera ndiziwapeza." Ndinathamangira kuseri kwa chitseko kukamasula mtolo uja ndisanauzidwe, ndipo ndiyo ntchito yoyamba imene ndinaigwira mofulumira.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti manja anga anali ndi mphatso imene mayi analibe, ndipo ndinkayenda nazo monyada. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimadziwa kuti kutsina ufa ndi nsonga za zala munthu amakuphunzira tsiku limodzi, makamaka mkazi wochenjera ngati uja, amene anakhala pambali panga akuyang'ana m'mawa uliwonse. Mayi ankasowa chifukwa choti agwade nacho pamaso pa mlongo wawo popanda kumuchititsa manyazi, ndipo atachipeza anachigwira ndi manja awiri. Mpaka tsiku limene ndinachoka pakhomo paja ndili wamkulu, mayi sanakhudzepo ufa wa mapayi ine ndikuona.