Tofewa ta m'Matsukwa

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 7. Ndinakhala kuseri kwa khitchini ndikufikisa soya m'beseni kuti makoko achoke. Tsikulo ndimalikumbuka bwino chifukwa ndinalilemba m'kabuku kanga, momwe ndinkalankhulamo zonse zimene pakamwa panga pankakana.

Soyayo anali wa Amama. Alangizi atabweretsa mbewu kwathu ku Malengachanzi, Amamawo anapempha Adada kachigawo ka munda wa chinangwa, ndipo anapatsidwa monyinyirika. Anakolola thumba lodzaza. Koma ataphika ngati nyemba, nkhuni zinatha, soya ali gwa, fungo la uwisi lili m'nyumba monse. Achimwene anamutcha zipolopolo. Adada anagamula kuti Lolemba thumbalo lipita kwa mnzawo woweta nkhumba, munda ubwerere ku chinangwa. Amama ndinawaona akusisita thumbalo podutsa, ngati mutu wa mwana wodwala.

Ine ndinali ndi chinthu chimene sindinauze munthu. Mwezi wapitawo aphunzitsi anatitengera ku sikimu ya mpunga, kumene Matchaina ankaphunzitsa anthu kuwokera m'mizere. Ludzu litandigwira, ndinazungulira kuseri kwa nyumba ina, n'kupeza mayi wa Chitchaina akupera soya wonyowa. Sanandithamangitse. Ndinaona akusefa, akuwiritsa, kenako akuthiramo madzi otuwa a m'kapu. Anadula kachidutswa koyera ka zomwe anapanga m'mawa, n'kundipatsa, amvekere, "Tofu." Ndinaganiza kuti akuyesa Chichewa, akufuna kunena kuti tofewa koma lilime lawakanika. Ndinavomera ndi mutu, pakuti tinalidi tofewa.

Za m'kapu zija ndinalephera kufunsa. Ndinangodziuza kuti anali matsukwa. Nanga madzi otuwa ena ati amene mayi angasunge pakhitchini, kupatula owawasa aja otsala mukavuula mphale? Ndinadzamva nditakula kuti unali ufa wa mwala wosungunula m'madzi. Ndikanadziwa, sindikanayesa n'komwe.

Loweruka lija Amama anapita kukayeserera magule ndi amayi a chipani, kumene kujomba kunali kuputa mlandu. Mwera unali utawomba sabata yonse, mabwato ali pamtunda, ndipo Adada ndi achimwene anali kudooko kusoka makoka. Soya ndinali nditamuviika mobisa dzulo lake. Ndinamusinja mumtondo, akuthawa munsi uku ndi uku, mpaka anakhala phala. Ndinathira madzi, n'kufinyira m'kansalu koyera ka thumba la ufa. Munatuluka mkaka weniweni. Pamoto unafufuma mwadzidzidzi n'kusefukira, ndipo ndinaphunzira pomwepo kuti sufuna kuusiya wokha. Utawira ndithu, fungo la uwisi linachoka.

Ndinaphula, n'kudikira kuti uleke kubwata. Kenako ndinatunga matsukwa mumtsuko wa mphale, n'kumathira pang'onopang'ono, chipande chikuyenda mofatsa monga anachitira mayi aja. Poyamba panalibe chosintha. Ndinawonjezera. Ndiye mkaka unayamba kung'ambika, timitambo toyera tikusonkhana, madzi achikasu akupatuka.

Apo ndi pomwe Amama anatulukira, thukuta la magule lisanaume.

"Mayo ine! Iwe mwana, wataniko? Waupangitsa chambiko chovunda! Bweretsa nditaye bambo ako asanaone."

Anagwira poto mbali ina. Ine, amene ndinali ndisanawakanizepo kanthu chibadwire, ndinagwira mbali inayo.

"Amama, musataye. Ndi mmene zimakhalira."

"Wakuuza ndani?"

"Ndinaona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasiya poto. "Ndiye ukuimiranji? Chita tione."

Tinayala kansalu kaja m'lichero, n'kuwolera timitambo tija mmenemo. Tinakulunga, pamwamba n'kuika mbale, pambale mwala wonolera mipeni. Madzi anadontha mpaka dzuwa linapendeka. Pofunyulula tinapeza chinthu chimodzi choyera, chogwirana, chokhala ndi zidindo za lichero kunsi. Amama anachitobwanya ndi chala, chinabwerera. Anaseka chogwira pakamwa.

Ndinalawa kakona. Kanali kozizira, kopanda kukoma kulikonse, kowawasira patali. Amama anati chinthu chotere chimafuna anzake. Anadula timagawo, n'kuwaza mchere, n'kutikazinga m'timafuta tomwe tinalipo mpaka tinafiira kunja. Tina tinaphwanyika chifukwa ine ndinafulumira kutembenuza. Kenako tinatiponya mumsuzi wa tomato ndi anyezi, ndi katsabola ka kambuzi. Timagawoto tinamwa msuziwo ngati thonje.

Adada atafika anasamba m'manja akudandaula za mwera, akuyembekeza chigwada cha masiku onse. Atavundukula mbale anaima kaye.

"Kodi wapha nkhuku ndani muno?"

Anatema kondowole, anatapa kagawo, anatafuna mochenjera ngati munthu wofufuza minga ndi lilime.

"Si nkhuku. Mazira a kampango? Iyayi. Nsomba yanji yopanda minga?"

"Funsani mwana wanuyo," anatero Amama, nkhope ili kumbali.

Maso onse anagwera pa ine. Ndinayang'ana mphasa. "Ndi tofewa, Adada."

"Ndamva kuti n'tofewa, ndili ndi mano. Ndikufunsa dzina!"

"Dzina lake ndi lomwelo."

Achimwene anali atamaliza gawo lawo n'kuyamba kusuzumira langa. Amama anawamenya padzanja ndi chipande. "Siya, udzavulala. Ndi zipolopolo zako zija."

Achimwene anatsamwa. Adada anayang'ana mbale, anayang'ana thumba lili pakona, n'kuphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwandidyetsa chakudya cha nkhumba, inu anthu?"

"Ngati sichikukoma, siyani," anatero Amama, akukoka mbale.

"Aaa, mayi, tiyeni tizikambirana bwinobwino." Anaibweza ndi manja awiri. Atapukuta msuzi wonse anati, "Nkhumba zija zidye gaga. Koma kachigawo kaja n'kochepa. Muwonjezere mpaka pachulu."

Amama anangoti, "Tamva," ngati nkhani ya tsiku lililonse. Koma potsuka mbale anandipatsa kagawo kamene anabisa pansi pa chivundikiro, kofiira bwino kuposa tonse, n'kunditsina tsaya.

Ndinalemba m'kabuku manja akununkhabe anyezi. Ndinalemba mmene mkaka unang'ambikira, ndi kuti ndinakaniza Amama poto koma dziko silinathe. Kenako nkhawa ina inandigwira: achimwene anali atafunsa kale ngati mawa tiphikanso, ndipo ndi kadyedwe kawo thumbalo silikanafika nthawi ya mvula. Choncho mzere womaliza unali wakuti mawa, tikabwerako kutchalitchi, ndisankha soya wonenepa wa mbewu, ndimusakaniza ndi phulusa mumtsuko, ndimata pakamwa pake ndi dothi, ndipo ndikaubisa kumene achimwene safikako.