Mankhwala a M'kachitini

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene maso anga anayamba kufiira. Inali nyengo ya chipani chimodzi, sopo ndi mchere tikuchita kuimira pamzere, ndipo ndinali mu Giledi 7, ndikukhala pa boma ku Chadiza kwa azakhali anga, a Nabanda. Atate anali mkulu wa mpingo kwathu ku Zingalume, ndipo ponditumiza kusukulu anandiletsa zinthu ziwiri: fodya ndi vidiyo.

Vidiyoyo inali kuseri kwa golosale ina pafupi ndi msika. Loweruka mwini wake ankatchinga mazenera ndi mabulangete n'kuliza jenereta masana onse, ndipo anafe ankatilowetsa tikamutungira madzi. Tinkakhala pansi kutsogolo kwenikweni, nkhope pafupi ndi galasi, m'fungo la thukuta ndi utsi wa fodya. Ndikatuluka, m'maso munkakhala ngati wina wathiramo mchenga. Ndinkatikita, maso n'kumafiirirafiirira.

Tsiku lina atate anabwera pa njinga ndi thumba la chimanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Maso awa ndi a chamba," anatero. "Ngati ndi choncho, sukulu yathera pano. Tiye ukagwire khasu."

"Iyayi atate, angoyamba okha."

Azakhali anandiikira kumbuyo. "Achimwene, musamunamizire mwana. Awa ndi matenda, ndipo mankhwala ake ndimawadziwa. Ndipatseni sabata imodzi."

M'mawa mwake anandiitanira kuseri kwa khitchini. Ananyamula kachitini ndi nthenga ya nkhuku. Fungo linandipeza ndisanafike: unali mkodzo wa mwana wawo wamng'ono, woyamba wa m'mawa, udakali wofunda.

"Azakhali, zimenezo m'maso?"

"Iwe, mankhwala amafunsidwa dzina? Ndi a mwana wosachimwa awa. Gona chagada!"

Anandipana mutu ndi maondo, n'kukanula zikope ndi zala. Madontho anaotcha ngati tsabola. Ena anayenderera m'khutu, ena anafika pakona pa mlomo, ndipo ndinamva mchere wake. Ndinakasanza patsinde pa mpapaya. Anachita zimenezi masiku anayi, ndipo tsiku lililonse ndinkadziwa kuti mawu amodzi okha akanaletsa zonsezo. Sindinawanene.

Pa tsiku lachisanu ndinadzuka zikope zitamatana ndi manthongo achikasu. Ntchentche zinkanditsata mpaka m'kalasi, mnzanga wa pa desiki anasamuka, ndipo pa bolodi ndinkangoona chifunga. Mayeso anali atayandikira. Atate atabweranso sanafunse zambiri, anatitenga ine ndi azakhali kupita ku kiliniki.

Adokotala anali bambo wodekha. Anandikanula diso, n'kubweza mutu msanga.

"Mwathiramo chiyani, amayi?"

Azakhali anayankha chapansipansi. Bamboyo anakasamba m'manja kawiri, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mafinyawa asanabwere, maso ankayabwa kwambiri masiku ati?"

"Loweruka madzulo ndi Lamlungu."

"Nanga Loweruka masana umakhala kuti, mnyamata?"

Atate anali ataima kumbuyo kwanga, chipewa m'manja. Ndinaulula zonse.

"Basi, nkhani ndi imeneyo," anatero adokotala. "Munthu akayang'anitsitsa galasi lija amaiwala kuphethira. Diso limauma, utsi n'kuwonjezera, iye n'kumatikita. Akanangopumitsa maso akanachira okha. Koma mafinyawa achokera m'kachitini kanu, amayi. Mukanapitiriza, bwenzi tikukamba zina."

Anandipatsa mankhwala opaka m'maso. Azakhali anatuluka atafunda chitenje kumutu, osayang'ana munthu.

Panjira atate ankakankha njinga. Titadutsa msika anaima.

"Mwana wanga, unalola kuthiridwa mkodzo m'maso kuti ine ndisadziwe? Ndimaopsa chotero?"

Sanandimenye. Maso anachira, mayeso ndinalemba.

Kwa zaka zambiri ndinkanyansidwa ndi azakhali, moti chakudya cha m'manja mwawo ndinkadya mokakamiza. Tsopano ndakalamba, mayi a kunyumba anatsogola, ndipo ndili ndi nthawi yoganiza. Mayi uja, azakhali angawo, ankachiza matenda amene ine ndinamupatsa ndi pakamwa panga, ndipo manyazi a ku kiliniki anasenza yekha. Anamwalira ndisanamupepese. Ndimapempha Mulungu andikhululukire zimenezo, chifukwa pa anthu atatu amene tinalowa m'chipinda cha adokotala, amene ankadziwa chiyambi cha matendawo ndinali ine ndekha.